Nyumba Ziwiri, Moto Umodzi

Khalani pansi nonse atatu. Iwe Eneresi, kathumba ka zovalako kaike apo, palibe akabe. Agata, leka kusuzumira m'khitchini mwa amako, mulibe kanthu, miphika yonse ili kuno kwa ine. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire pamene ndikufuna ine. Ndakwiya sabata yonseyi, musandithamangitse.

Nkhani yake ndi iyi, kuti ndi Jenifa yemwe amve ngakhale ndi wamng'ono. Bambo anu anagwirizana ndi mayi wina wa pantchito ku Boma, wochokera kutali uko, kuti mawa Loweruka abwere kudzatenga Eneresi, azikamulerera mwana ndi kumuchapira. Akuti zinthu zadula, pakhomo pano pakamwa pachuluka, ndiye achotsepo pakamwa pamodzi. Pakamwa! Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, wa Sitandade 5, ali ndi dzina lake labwinobwino, akumutchula kuti pakamwa. Ndipo mwini wakenso wasangalala, eti? Ndakhala ndikukuona iwe, kuyambira Lachiwiri ukungopinda ndi kupindanso kadiresi kako ka ku tchalitchi. Akulonjeza nsapato. Kaya upita mawa kaya supita, umva ndikamaliza. Pakadali pano tseka pakamwa pomwe akupanenapo, utsekule makutu.

Kuti zinthu zadula sindikukana. Ndine wamisala ine? Pa okala ndimapita nawo. Chibwerere matipatewa, mtengo wa mchere sugona malo amodzi masabata awiri. Ukafunsa, mwini okala amangoti, "Mayi, kwacha yagwa." Yagwera kuti? Bwanji osaitola? Ine sindinaionepo ikugwa, ndimangoona kapepala ka shuga kakunka kachepa, sopo akunka naonda ngati akudwala. Tinaima pamzere dzuwa lili pamutu, tinaviika chala mu inki, tinabwerera kuno tikuimba. Musandinamizire kuti ndikuti kale kunali kokoma, ayi. Kale ankatibweza pachipata cha msika chifukwa cha khadi la chipani, ndipo mawu ngati awa ndikanawalankhulira m'bulangete. Lero ndikukalipa poyera, palibe wondigwira. Koma kukalipa sikuthiridwa mu ndiwo. Feteleza timangomuonera patali ngati mlendo wa eni. Tambala ikagwa pansi, mwana sawerama n'komwe.

Ndiye inde, pofunika kudula. Ine ndadula, ndipo mumandiseka nazo. Iwe Agata si unauza anzako ku sukulu kuti agogo ako amang'amba machesi pakati ndi lezala? Unanena, usakane, amake a mnzakoyo anandiuza kumjigo. Inde ndimang'amba. Kamtengo kamodzi kamayaka kawiri, vuto lili pati? Ndipo kong'ambidwako ndi ka tsiku la tsoka, moto ukazimiratu. Ife tikukula machesi anali a pa Khirisimasi. Madzulo unkakwirira chikuni ndi phulusa, m'mawa n'kungofukula, kuuzira, basi. Chikazima unkatenga phale n'kupita kukapala moto kwa anzako, ndipo pobwera unkabwera ndi nkhani zonse za m'mudzi. Lero mtsikana wamkulu, khwaa, khwaa, khwaa, timitengo titatu, moto uli phee pakhomo loyandikana nalo.

Sopo ndimamudula tizidutswa n'kumuika pa denga aume kaye mwezi wathunthu. Wamuwisi amasungunuka ngati phala, wouma amalimba. Totsalira tija sinditaya, ndimatimata pamodzi. Zigamba za kumunda ndimachapira masamba a papaya monga ankachitira amayi anga. Soda sindigula, chidulo cha phulusa la zitsononkho chilipo, ndipo thelere lake limakoma kuposa la soda, amene akutsutsa abwere. Mafuta odzola a m'botolo ndinasiya, nsatsi zili mbwee kuseri kwa khola. Kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kuyengula, thupi lili see. Mumati zimanunkha. Zimanunkha chiyani? Amako anakulira nsatsi zomwezo ndipo anakwatiwa.

Ufa woyera ndinausiya chaka chatha. Kukonola, kuviika, kuyanika, pofika ku chigayo dengu lodzaza latsala theka, zina zapita ku madeya, zina zapita ndi madzi. Ndinati ayi, mgaiwa basi. Akazi anzanga anayamba kunong'onezana kuti kwa aNangozo kwalowa njala, akudya za akaidi. Anong'one. Nkhokwe yanga ikadali ndi chimanga, zawo zinayamba kulira mwezi watha. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, mbatata ndiye shuga wake. Koloboyi ndimayatsa pongoyala mphasa, ndikayala, fuu. Makope anu aja ndani amawadula pakati ndi mpeni kuti limodzi likhale awiri? Ndi ine. Akuti sukulu ndi yaulere tsopano. Chabwino, zikomo, koma kope ndi pensulo sizimera m'munda, ndipo mwana sapita ku sukulu ndi khosi lakuda.

Zonsezi ndadula. Machesi, sopo, shuga, palafini, ufa. Zaka zanga sizinakwane makumi asanu koma taonani manjawa, ngati khungwa la mtengo. Ndadula chilichonse chimene chimadulidwa. Koma mwana sadulidwa. Mwana si shuga woti tsiku lina tidzagulanso zinthu zikatsika.

Ndikudziwa chimene ndikunena, chifukwa pakamwa pamene anachotsa kwathu ndinali ine.

Ndinali ngati iweyo Eneresi, mwina kucheperako. Ndinali Sabu B, makalasi ake a nthawi imeneyo, tinkalemba pa sileti n'kufufuta ndi malovu. Masamu ndinkawatha ine, aphunzitsi ankandiimika kutsogolo. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, chimanga chinafota chili ndi ngaiyaye. Bambo anga anakhala pakhonde n'kunena mawu omwewa, ngati anachita kuwasungira bambo anu m'botolo: pakamwa pachuluka. Kunali kalaliki wina ku Limbe, mkazi wake ankafuna kamtsikana komuthandiza. Tinanyamuka kuno ku Nsambe wapansi, kutsetsereka mapiri onsewa, kugona panjira, mpaka kukapeza lole. Msewu watala wa ku Zalewa umene mukuudziwa inuwu kunalibe. Mwala unanding'amba phazi, chipsera chake ndi ichi, taonani. Koma sindinalire. Ndinkasangalala ngati iweyo. Nanenso anandilonjeza nsapato.

Ndipo anandipatsadi, ndisaname. Zinali za mwana wawo wamkulu, zothina, ndinkazivala Lamulungu lokha ponyamula khanda ku tchalitchi. Za sukulu anati udzayamba chaka chamawa, uyambe wazolowera. Chaka chamawacho chinakhala chaka chamawa zaka zisanu. Ndinkagona m'khitchini pa chiguduli, pafupi ndi thumba la makala. Ndinkadzuka woyamba, kudya womaliza. Ana awo akamawerenga pa tebulo ine ndinkasuzumira ndikupukuta mbale, kuti mwina ndigwireko chilembo chimodzi. Mpaka lero kalata ikabwera ndimawerenga ngati ndikukwera phiri, inu mumaseka. Sankandimenya kwambiri, ayi, sanali anthu oipa kuposa anthu ena. Kungoti sindinali mwana wawo. Ndikadwala ankafunsa kuti ndiye mbalezi atsuka ndani.

Jenifa, tathamanga ukaingitse nkhuku za eni zija, zikutha mphale ya aNaphiri pa mphasa paja. Ukhale pomwepo mpaka ndikuitane. Pita!

Wapita? Senderani kuno inu awiri. Izi sindibwerezanso.

Nditatha msinkhu, chaka chachisanu, anandikweza basi kubwerera kuno. Ndinali ndi diresi limodzi, nsapato zothina zija m'manja, ndi mimba. Mwini mimbayo anali mlongo wake wa mayi wa m'nyumbamo, ankabwera kudzakhala pa holide. Iyeyo palibe anamufunsa kanthu. Wopanda khalidwe ndinali ine, wogona m'khitchini mopanda loko. Mimba imeneyo ndi amanu, Rozina. Inde. Musandiyang'ane choncho. Agogo anu aamuna amene munkawadziwa, amene anapita ndi chifuwa cha ku Joni aja, anandikwatira ndili ndi mwana kumbuyo, ndipo mpaka kumanda sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi. Mwamuna anali yekhayo. Ndiye taonani masamu a bambo anga: anachotsa pakamwa pamodzi, panabwerera pawiri. Ndiko kudulako kumeneko?

Pukuta m'maso Agata, sindinamalize. Tsopano ndifike pa bambo anu, ndi pa ine ndemwe, chifukwa pa nkhani iyi nanenso ndine chitsiru.

Bambo anu anabwera pano chikamwini zaka khumi ndi zitatu zapitazo, kuchokera ku Zalewa. Ndinawapatsa malo apo, anamanga nyumba, kuchokera pakhomo panga mpaka pawo munthu atha kulavula malovu n'kufika. Ndipo zaka zonsezi ine ndi iwo sitinayang'anepo m'maso. Mwambo wake mukuudziwa, mumauseka mukakhala kuseri: munthu ndi apongozi ake sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ya kudimba, ine ndimapatukira m'tchire, iwo amatembenuka n'kumayang'ana mtengo ngati akuufunsa nzeru. Tsiku lina pothawa bambo anu omwewa ndinakalowa mu chitedze, ndinakanda masiku atatu. Musaseke! Ndinkati ndi ulemu. Ndi ulemudi, sindikuunyoza. Koma sindinakhalepo pansi n'kuona kuti ulemu umenewu ukutidyera chiyani.

Mawu onse ankadutsa mwa Rozina. Ndipo amanuwo, ndi mtima wawo wofuna mtendere uja, mawu ankawasenda ngati mbatata. Ine ndinkati, "Ukawauze amuna ako kuti mabatire a wailesi yawoyo akudya sopo wa ana." Iye akafika uko: "Amayi akuti wailesi yanu imamveka bwino mpaka kwawo." Bambo anu n'kuwonjezera kukweza kuti apongozi amve bwino! Kuyambira m'mawa, andale akutukwanana m'kabokosi, uyu akuti wakuba ndi uyo, uyo akuti wakuba ndi uyu, mabatire akutha, ine ndikupsa mtima kuno. Ndipo ndamva sabata ino kuti nawonso ankatuma. Ankati, "Ukawafunse amayi ngati m'nkhokwe mwawo muli kotsala, ife kuno sitifika pa Khirisimasi." Rozina akafika kuno: "Akuti mwadzuka bwanji." Manyazi! Kuopa kuti ndidziwa zoti mwamuna wake walephera. Ine n'kumayankha kuti ndadzuka bwino kaya iwo, osadziwa kuti ndikuyankha munthu amene akumira.

Ndiye taonani uchitsiru wake. Bwalo limodzi, moto pawiri. Koloboyi pawiri. Mchere pawiri, mafuta pawiri, machesi pawiri, nkhuni mitolo iwiri, ulendo wa ku chigayo pawiri. Ine munthu mmodzi ndimasonkha moto wathunthu kuphika kamphika ka nkhwani kosakwana ndi mphaka yemwe, zotsala n'kupatsa galu, pamene kutsidya kwa bwalo akukanda pansi pa dengu. Inu mumadumphadumpha, kudya uku n'kudya uko, ndiye ndinkati zonse zili bwino. Ndinkang'amba machesi pakati, koma moto wathunthu wosafunika ukuyaka tsiku ndi tsiku pamaso panga, osauona. Zimenezi ndiye zikundiwawa koposa.

Lolemba inu mutapita ku sukulu, Rozina anabwera kudzandithandiza kusinja nsinjiro, maso ali psuu.

Ndinati, "Wadwala?"

Akuti, "Ndi utsi, amayi."

Ndinati, "Utsi wa mu mtondo? Tayankhula, ndinakubala ndine."

Ndiye anakhala pansi ndi pathupi pake paja, n'kuulula zonse. Za mayi wa ku Boma, za Loweruka, za nsapato. Ndinamufunsa kuti, "Iwe wavomera?" Akuti, "Nanga ndikanatani, amayi? Ati akamulowetsa sukulu konko." Ndinagwira munsi. Ndinati, "Rozina, iwe weniweni? Iwe amene ukudziwa kumene unachokera?" Analira. Ndinati, "Ukawauze amuna ako kuti mwana sachoka pano." Kenaka ndinadzigwira pakamwa. Ukawauze! Akanakafika uko n'kunena kuti amayi akuti mwana ayende bwino.

Lachiwiri lonse ndinakhala ndikuganiza ndikupalira mbatata. Kuitana atsibweni anu aakulu kuti adzaweruze? Ali ku esiteti ya fodya kumpoto uko, kalata pofika Eneresi atapita kalekale. Kukubisa kwa anthu? Masiku angati? Ndipo ngakhale ndikanakuwa kuti sapita, dengu lawo likanadzaza ndi kukuwa kwangako? Ndiye ndinakumbuka zinthu ziwiri za kale. Choyamba, tili ana mabanja a pa bwalo limodzi ankadyera pamodzi, tinkati chidyerano, wopanda ndiwo tsiku limenelo sankadziwika. Chachiwiri, ndinkamva akuluakulu akunena kuti manyazi a chipongozi amatha kuthetsedwa: umapereka nkhuku, winayo akailandira n'kuidya, basi, kuyambira pamenepo mumalankhulana ngati mayi ndi mwana. Amayi anga sanachitepo, anafa akuthawa mkamwini wawo. Koma njira yake inalipo.

Nkhuku ndinali nayo imodzi yokha chipitire chitopa chija. Yamawangamawanga ija, yoikira. Mukudziwa kuti mazira ake sindinkadya. Ndinkapita nawo pa okala kukasinthitsa ndi mchere ndi palafini. Nkhuku imene ija ndiye inali mchere wanga. Ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana. Ndinati, pepa mayi.

Lachitatu m'mawa, inu mutangokhota pa mtengo wa nachesi paja, ndinaigwira, kuimanga miyendo ndi luzi, n'kudutsa bwalo. Mapazi khumi okha, koma ulendo wa ku Limbe unali wapafupi. Bambo anu anali pakhonde akukhoma mpini wa khasu, mabatire awo atawandandalika pa mwala kuti dzuwa liwapatse mphamvu. Atandiona ndikubwera molunjika anadzambatuka, kufuna kuthawira kuseri, n'kugunda mutu pa denga. Kenaka anangoima atayang'ana khoma ngati mwana wolakwa.

Anaitana, "Make Eneresi! Tabwera, amayi akufuna kanthu!"

Ndinati, "Sindikufuna Rozina. Ndikufuna inuyo. Tembenukani."

Akuti, "Aaa, amayi, si mwambo umenewo."

Ndinati, "Mwambo ndi uwu uli m'manja mwangawu. Nkhuku iyi ndi yanu. Ndatopa kulankhula ndi msana wanu. Tembenukani, bambo, ndione nkhope ya munthu amene akufuna kupereka mdzukulu wanga."

Anatembenuka pang'onopang'ono, maso ali pansi. Inu ana inu, zaka khumi ndi zitatu, sindinkadziwa kuti bambo anu ali ndi imvi m'mbali umu. Sindinkadziwa kuti anaonda choncho. Mkwiyo wanga unatsala pang'ono kuthawa, koma ndinaugwira mchira.

Ndinati, "Mabatire awa mukuwaotcha padzuwa kuti musawataye. Mwana ndiye wosavuta kutaya?"

Pamenepo anadzutsa mutu, nawonso atapsa mtima. Akuti, "Amayi, musandiyese chilombo. Mwana ameneyu ndimamukonda kuposa diso langa. Koma ndichite bwanji? Chaka chino ndalima opanda feteleza, mwaona nokha zimene ndakolola. Maganyu kulibe, aliyense akulira. Ana atatu, wachinayi ali m'njira. Ndimagona ndikuwerenga mapaso a denga. Kumeneko akadya katatu, akagona pabwino, ndipo mayiyo walonjeza kuti amulowetsa sukulu akangozolowera."

Ndinati, "Akangozolowera. Chaka chamawa, eti?"

Akuti, "Eya, anatero."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka. Ndinati, "Khalani pansi." Anakhala. Nanenso ndinakhala, pakhonde pawo, koyamba chimangire nyumba imene ija. Ndinawauza zonse zimene ndakuuzani inuzi, za sileti, za chiguduli, za khitchini yopanda loko. Rozina anali ataima pakhomo atagwira chitenje kukamwa. Ndinamuloza. Ndinati, "Mkazi wanuyu, amene mumamukondayu, ndiye malipiro amene ndinabwera nawo kumeneko. Sindikudandaula kuti alipo. Koma mukufuna Eneresi adzakubweretsereni otere?"

Bambo anu anangoyang'ana Rozina, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ananso Rozina.

Ndiye ndinawauza maganizo anga. Ndinati, "Mukufuna kudula? Tiyeni tidule zenizeni. Moto umodzi uzime. Tiziphika pamodzi, kwanga. Nkhokwe yanga ndi dengu lanu zikhale chimodzi, mgaiwa, osati woyera. Koloboyi mmodzi, ana aziwerengera pomwepo. Mchere umodzi, chigayo ulendo umodzi. Nachesi zanga zikapsa inu muzipita nazo ku msewu, kwanu ku Zalewa kuja mumakudziwa, m'malo moti ogula azidzandibera pakhomo pano. Wailesi izilira Lamulungu, andalewo akatukwanane okha masiku enawo. Ndipo inu muzidya pamphasa panga, ine ndili pompo. Tikatero tifika pa zokolola tonse, osachotsapo munthu."

Akuti, "Anthu adzati chiyani? Mkamwini kudya ndi apongozi, kudyetsedwa ngati mwana wamasiye? Ndizidzayenda bwanji pa bawo?"

Ndinati, "Anthuwo Loweruka adzakhala ali kuti? Adzaperekako mwana wawo? Manyazi anu ndi anga atha mchere wokwanira pakhomo pano. Nkhuku ndi iyo. Mukaibweza ndidziwa yankho lanu, ndipo Loweruka mudzandipeza nditagona pamsewu kutsogolo kwa galimotoyo. Mukaidya ndidziwanso."

Ndinaisiya pakhonde n'kubwerera. Nditalowa m'nyumba ndinakhala pa mphasa mpaka dzuwa kupendeka, manyazi ngati ndayenda wamaliseche pamsika.

Lachinayi lonse nkhuku inali pomwepo, atayimangirira pa nsanamira ndi kachingwe. Munaiona, Agata unafunsa kuti nkhuku ya agogo yalakwa chiyani. Sanaibweze, sanaiphe. Wailesi inali zii. Utsi unkatulukabe m'khitchini mwa amanu. Ine ndinkangoyang'ana pa kabowo ka chitseko ngati mbava m'nyumba mwanga momwe. Iwe Eneresi n'kumadutsa ndi kadiresi kako ukuimba. Ndinkafuna ndikugwire ndikutsine.

Jenifa, bwera tsopano, zakwana. Khala apa pamwendo. Ayi, palibe wamwalira, akulira ndi utsi awa.

Lero m'mawa mutapita, ndinamva kweee, kamodzi kokha. Ndinatuluka. Rozina akudutsa bwalo, nkhuku yososola kale ili m'beseni, mphika waukulu uja uli pamutu. Anabwerera kukatenga miphika ina, zipande, kabotolo ka mafuta, kachitini ka mchere kopanda kanthu. Pomaliza ndinaona akutunga madzi m'chikho n'kukathira pa moto wake. Tsiii. Utsi woyera, kenaka basi.

Tinaphika. Mchere ndinathira ndine, wa kunsonga kwa zala, poti woikira mazira a mchere ndi amene anali mumphikamo. Dzuwa lili pamutu ndinayala mphasa pansi pa mtengo apa. Bambo anu anabwera akukoka miyendo, atavala malaya a ku tchalitchi, inu, ngati akupita ku mlandu. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, cham'mbali, theka la thupi lili pa dothi. Ndinawathirira madzi osamba m'manja ine ndemwe. Ndinawaikira chiwindi ndi nthutumba. ANaphiri anaima pa mpanda wawo, dengu lili m'manja, kukamwa kuli yasa, ndipo pofika mawa mudzi wonse ukhala utamva. Amve.

Tinayamba kudya. Kumangomveka kutafuna. Ine ndikungodikira, chifukwa nkhuku adya, koma za Loweruka sanatchule. Atatsala pang'ono kumaliza anakhosomola, n'kundiyang'ana m'maso, m'maso mwenimweni, n'kunena mawu oyamba amene mkamwini wanga wandiyamba yekha chibwerere pamudzi pano.

Akuti, "Amayi, mchere wachepa."

Ndinati, "Muzolowere, bambo. Kuno timathira kamodzi."

Rozina anaseka mpaka kutsamwa. Iwo anasamba m'manja, anapita kunyumba kwawo, anabwera ndi wailesi ija n'kuiika pawindo panga, mabatire ali padera m'kapepala. Ndi iyo apo. Kenaka anatenga chipewa. Ndinati, "Ulendo wa kuti dzuwa limeneli?" Akuti, "Ku Boma. Mayi uja asavutike kuwononga mafuta a galimoto mawa. Ndikamuuza ndekha, mawu otuma ndaona mmene amafikira."

Ndiye ali panjira pano, wapansi, poti ya basi tadula.

Masula kathumbako, Eneresi. Diresi ukalipachike, Lolemba sukulu. Ulire ngati ukufuna, undide mwezi wathunthu, nsapato sindikulonjeza, uyenda ndi mapazi omwewo mpaka nachesi zipse. Nthuli zanu zili mumphikamo, chiganga ndi cha Jenifa, musamulande. Ndipo iwe Agata, bweza machesi amene wabisa m'manjawo. Chikuni chili m'phulusamo. Gwada uuzire.